Tsiku Limene Amayi Maria Anakwera Phiri

Linali Lachinayi, pa 30 Okutobala, nthawi ili hafu pasiti sikisi m'mawa. Ndinali pakhonde ndi bulashi m'manja, ndikumaliza kupaka laimu khoma la kumaso kwa nyumba yathu. Kuntchito ndinali nditapempha tchuthi cha masiku awiri, chifukwa madzulo a tsikulo Amayi Maria ankabwera kudzagona kwathu.

Okutobala ndi mwezi wa kolona. Mu mphakati wathu, womwe ndi kagulu ka mabanja achikatolika okhala moyandikana chakumtunda kwa Masongola, tili ndi chifaniziro cha Amayi Maria, chotalika ngati mkono wa munthu wamkulu. Mwezi wonse chimayenda nyumba ndi nyumba. Madzulo timasonkhana pakhomo pamene chafika n'kupemphera kolona, chimagona pomwepo, ndipo mawa lake mayi wa pakhomopo amachisenza pamutu kukachitula ku banja lotsatira, enafe tikuyimba pambuyo. Tonse timadziwa kuti ndi chowumba. Komabe palibe amene amati chifaniziro chili kwa auje. Timati Amayi ali kwa auje.

Ine ndine mlembi wa mphakatiwo, ndipo ndandanda ya masiku ndimalemba ndine. Chaka chimenecho ndinadzipatsa tsiku lomaliza. Banja lomaliza ndi limene limakapereka Amayi kutchalitchi pa Misa yotsekera mwezi, bambo mfumu n'kuwalandira pakhomo, mpingo wonse ukuona. Sindinauze munthu kuti ndasankha tsikulo pa chifukwa chimenechi. Akazi anga anadziwa okha, ndipo anagula chitenje chatsopano.

Ndikupaka choncho, ndinamva odi pachipata. Anali mayi wina wa mu mphakati wathu womwewo, amene tonse timangowatchula kuti mayi a kuphiri. Amakhala m'mbali mwa phiri, kumene mitengo ya paini imayambira, ulendo wa ola limodzi ndi pang'ono kwa munthu wokwera bwino. Amuna awo, amene timawatchula kuti madala, ankacheka matabwa m'nkhalango. Zaka zisanu zapitazo anagwa ndi matenda othamanga magazi, mbali yonse ya kumanzere n'kufa. Chiyambire pamenepo mayiwo sapezeka pa zochitika zathu. Koma nsalu yoyera ya m'mphepete mwa buluu, imene timayala pansi pa Amayi tsiku lomaliza, anasoka ndiwo, ndipo chaka chilichonse amaichapa, kuisita ndi simbi ya makala, n'kutsika nayo okha.

"Fikani mayi, mwalawiratu," ndinatero.

"Ndasiya madala ali m'tulo, a Mlembi. Ndawauza anzanga oyandikana nawo kuti azimvetsera. Nsalu yanu iyi."

Akazi anga anatuluka n'kuwaitanira tiyi, koma anakana. Anati akakhala pansi miyendo iwakana kudzukanso. Anayang'ana khoma langa loyera, n'kuyang'ana maluwa amene tinadzala m'zitini pakhonde.

"Koma mwawakonzera Amayi chaka chino! Akafika muwapatse moni wanga. Muwauze kuti kuphiri kuja anthu aliko. Kaya njira ndi imene sakuidziwa, kaya ndi miyendo."

Anaseka, nanenso ndinaseka, ndipo anatembenuka mofulumira n'kumapita.

Akazi anga sanaseke. Anaima pakhomo ndi chikho chothirira thobwa m'manja.

"Mwamva, bambo?"

"Ndamva. Akungocheza."

"Akungocheza, eti? Zaka zingati musakuwalemba?"

"Zisanu. Ndimawamvera chisoni. Anthu makumi atatu akawadyetsa chiyani? Akawakhazika pati, m'nyumba muli wodwala?"

"Munawafunsa?"

Sindinawafunsepo. Si lamulo kuti wolandira Amayi apereke kanthu kwa anthu, koma aliyense amatero, kaya thobwa, kaya mbatata, kaya tiyi. Ine ndinkaona kuti powadumpha mayi aja ndikuwapeputsira katundu, ndipo chaka chilichonse ndinkadziyesa munthu woganizira anzake.

Ndinabwerera ku khoma langa, poti chinthu ndikachiyamba sindichisiya pakati. Nditamaliza ndinatsuka bulashi, n'kuiyanika. Kenako ndinapita kukhitchini, kumene kunali akazi anga.

"Tikawapatsa tsiku lathu, nanga thobwa limeneli?"

"Thobwa lili m'zigubu, bambo. Zigubu zimanyamulika."

"Ndiye kuti kutchalitchi mawa simudzasenza ndinu."

"Ndikudziwa."

Nditalowa kuchipinda kukasintha malaya, ndinapeza chitenje chatsopano chija palibe pampando pamene chinali. Anali atachibwezera kale m'sutikesi.

Ndinayamba ndi a Tcheya, mphunzitsi wopuma ntchito amene amatsogolera mphakati wathu. Ndinawapeza akuthirira mpiru. Anandimvetsera mpaka kumapeto, n'kuika keni pansi.

"A Mlembi, ndandanda munalemba nokha, munasayina nokha, munatiwerengera kawiri. Lero mukuiphwanya nokha?"

"Ndinalakwitsa, a Tcheya."

"Inu? Kulakwitsa? Taimani kaye ndiitane mayi akunyumba adzamve okha, apo ayi akanditsutsa."

Anavomera, koma anati anthu onse ndiwauze ndekha. Ndinatenga ndandanda ija n'kuyamba kuyenda. Ena ndinawaimbira foni, ena ndinawagogodera. Nyumba iliyonse ndikaiuza ndinkachonga ndi cholembera, ndipo pofika masana zonse zinali zochongedwa. Panali odandaula mawondo, panali ofunsa ngati thobwa likapezeka kumtundako, koma wokana panalibe.

Chinkandidetsa nkhawa chinali njira. Msewu wa fumbi umathera pa kamtsinje, ndipo kuchokera apo ndi kanjira ka miyala. Amayi athu ali kale ndi chipsera pachala chimodzi, cha pamene anagunda chitseko chaka china. Choncho ndinapeza katoni ya sopo, n'kuyalamo nsalu zakale, n'kuitana wakabaza wa njinga yamoto amene amanditenga ndikachedwa kuntchito, bambo wachisilamu wa ku Songani. Ndinaganiza kuti Amayi akwere njinga mpaka pa kamtsinje, kenako ine ndinyamule katoniyo m'manja.

Tinakumana 2 koloko pakhomo pamene Amayi anagona usiku wapitawo, kwa mayi amene amatiyambitsira nyimbo. Ndi mayi wathupi, wa mawu omveka tsidya lina. Ataona katoni anagwira m'chiuno.

"A Mlembi, ichi n'chiyani?"

"N'chotetezera. Njira ija ndi ya miyala."

"Mayi anu okuberekani mungawaike m'katoni ya sopo? N'kuwamanga ndi mphira kumbuyo kwa njinga ngati thumba la makala?"

"Akagwa nanga?"

"Amayi awa anakwera mapiri ali ndi pathupi, kukaona m'bale wawo. Phiri la Zomba liwaopse lero? Chotsani chinthu chanucho."

Azimayi onse anakuwa kuvomereza. Wakabaza uja anazimitsa njinga, akuseka.

"Bwana, nanenso sindikanayenda nawo momasuka. Ndipatseni zigubuzo, ndi agogo awa," anatero akuloza a Tcheya.

A Tcheya anati si agogo, koma anakwera.

Amayi anaikidwa m'lichero loyalidwa bwino, n'kumangidwa m'chiuno ndi kansalu kuti asapendekeke. Mayi woyambitsa nyimbo anaika nkhata pamutu, n'kusenza. Dzuwa la mwezi umenewu aliyense wa kuno amalidziwa. Msewu unali wofiirira ndi maluwa a jakaranda ogwa, ndipo nyenje zinkalira ngati zikupikisana nafe. Abambo otsika ndi njinga zodzaza nkhuni ankapatuka n'kuvula zipewa. Ine ndinkayenda pambuyo penipeni pa lichero, manja ali chire, wokonzeka kuwakha.

"A Mlembi, mukundiponda zidendene," anatero mayi uja. "Pitani kumbuyo mukayimbe besi."

Pa kamtsinje tinapeza a Tcheya ndi zigubu, ndipo wakabaza anabwerera. Abambo tinagawana zigubuzo. Kanjira katayamba kukwera, nyimbo inayamba kuchepa, mpaka inangotsala m'kamwa mwa atsikana awiri, kenako inatheratu. Azimayi ankalandizana lichero. Akazi anga anasenza chigawo cha miyala yambiri, ndipo sanapunthwe ngakhale kamodzi.

Titayandikira nyumba za kumtundako, mayi woyambitsa nyimbo anatiimitsa.

"Amayi safika pakhomo mwakachetechete ngati wakuba nkhuku. Tiyimbe."

Mpweya unali utamuthera aliyense, choncho anasankha nyimbo yapang'onopang'ono. Taganizani mmene tinkaonekera. Anthu a mpingo makumi atatu, pakati pa sabata, azimayi atavala zofanana, abambo pambuyo atanyamula zigubu, nkhope zili zolefuka, tikuyimba motsitsa, tikulunjika kunyumba ya munthu amene wagona zaka zisanu.

Mayi wina amene ankachokera kotola nkhuni anaponya mtolo wake pansi, n'kugwira kumutu, n'kuyamba kulira mokweza. Abambo awiri anatuluka m'munda makasu ali paphewa, n'kuvula zipewa. Wina anali atanyamula kale benchi.

Akazi anga anandigwira mkono.

"Bambo, eni ake munawauza kuti tikubwera?"

"Ndimayesa mwawauza ndinu."

"Ine? Ndi foni iti? Mayi aja alibe foni."

Ndinatulutsa ndandanda m'thumba la malaya, ngati kuti ingandithandize. Nyumba zonse zinali zochongedwa. Nyumba ya mayi a kuphiri sinachongedwe chifukwa sinalembedwepo n'komwe.

Mayi a kuphiri anatulukira kuseri kwa nyumba, manja ali thovu lokhalokha, poti ankachapa zofunda. Anayang'ana wolira uja, anayang'ana ife, n'kuthamangira m'nyumba. Nyimbo inaduka. Kenako pawindo panamveka mawu a madala, olemera ndi ochedwa monga amayankhulira chidwalireni.

"Ndafa kodi? Bwanji osandiuza?"

A Tcheya ndiwo anayamba kuseka, mpaka anakhala pansi pamwala. Tonse tinatsatira. Mayi wolira uja anapukuta maso n'kunena kuti anthu a mpingo tiziyimba zomveka bwino, tisamaononge misozi ya anthu. Sanachoke, anadikira thobwa.

Mayi a kuphiri atatulukanso, ndi pamene anaona lichero. Anaima chilili. Anapukuta manja pachitenje, n'kupukutanso, ngakhale anali atauma kale. Kenako anagwada pafumbi.

"Amayi, mwabwera osanena? Pakhomo sindinasese n'komwe."

"Wolakwa ndi uyo wa pepala," anatero mayi woyambitsa nyimbo, akundiloza ndi mlomo. "Landirani alendo anu, achemwali, khosi langa latha."

Ndinayamba kupepesa, koma mayiwo sanandimve. Anali atalandira lichero ndi manja awiri, akulowa nalo m'nyumba pang'onopang'ono.

Tebulo munalibe. Anatenga thabwa limodzi mwa amene madala anacheka asanadwale, n'kulisanjika pa njerwa pafupi ndi bedi, n'kuyalapo nsalu yomwe ija anatsika nayo m'mawa, imene akazi anga anali atabwera nayo. Anthu anakhala panja, pa benchi la maliro lija ndi pa mikeka imene oyandikana nawo anabwereka. Chitseko ndi windo zinatsegulidwa. M'chipindamo tinalowa atatu, a Tcheya, akazi anga ndi ine.

Titayamba kupemphera, tonse tinatulutsa makolona athu. Mayi a kuphiri sanatulutse kanthu. Anakhala m'mphepete mwa bedi, n'kutenga dzanja lamanzere la amuna awo, lakufa lija, n'kuliika pamwendo pawo. Pa Tikuoneni Maria woyamba anapinda chala chachikulu n'kuchiwongola. Pa wachiwiri anapinda chamkombaphala. Atafika pa kachala kakang'ono anabwerera, ndipo atatha zala zisanu kachiwiri, khumi loyamba linali lakwana. Pakati pa pemphero anadzuka kawiri, koyamba kukonza pilo, kachiwiri kuwamwetsa madzi ndi supuni, koma pakamwa sanasiye kuyankha, ndipo pobwerera ankagwira chala chomwe anasiyira.

Ine kolona ndinapemphera ndi pakamwa pokha tsiku limenelo. Maso anali pa dzanja lija. Zikhadabo zinali zowengedwa, khungu lodzoledwa mafuta, zala zowongoka ngati za munthu wabwinobwino.

Titamaliza ndinafunsa. Anati kuchipatala anawauza kuti azipinda ndi kuwongola zalazo tsiku lililonse kuti zisakhwinyate. Poyamba ankaiwala, ndiponso nthawi ya kolona sinkapezeka. Ndiye anangoziphatikiza, m'mawa ndi madzulo.

"Ine ndine kolona wa mayiwa," anatero madala. "Koma kwa ansembe sanapite nane kokadalitsa."

"Mukulemera, bambo. Mukanakhala wa m'thumba bwenzi nditapita nanu kalekale."

Za chikondi chodzipereka ndinazimva kuyambira ku katekisimu, ndipo ndinkaganiza kuti ndi chinthu chachikulu chimene munthu amachita tsiku limodzi, anthu n'kumachikamba. M'mawa wa tsikulo, popereka tsiku langa, ndinadziona ngati ndachita chotero. M'chipinda muja ndinachita manyazi pang'ono, koma anali manyazi opepuka, osapweteka. Amayi Maria timawadziwa kuti paukwati uja wa m'Baibulo, vinyo atatha, ndiwo anaona chimene chinasowa, ena onse ali kalikiliki ndi chikondwerero. Ine ndinali ndi ndandanda m'thumba zaka zisanu, osaona kuti pakusowa nyumba.

Thobwa linakwanira onse, ndi obwera kumaliro omwe. Dzuwa litayamba kupendeka, a Tcheya anaimirira n'kukumbutsa za Misa ya mawa lake, ya 8 koloko. Pamenepo mayi a kuphiri anandiitanira pambali, koma pakhomo paja n'pang'ono, aliyense anamva.

"A Mlembi, zikomo. Amayi afika, ndawaona, madala awaona. Tsopano atengeni lero lomwe, akazi anu akawapereke mawa."

"Iyayi," anatero mayi woyambitsa nyimbo. "Kumene Amayi agona ndi kumene amachokera, ndipo wosenza ndi mwini khomo. Sitinayambe tasinthapo."

"Achemwali, m'mawa ndiye nthawi ya ntchito. Kuwatembenuza, kuwasambitsa, phala. Anzangawa amangondimvetserera ndikachoka pang'ono. Sangasambitse mwamuna wa mwini."

Ndinadziwa, monga tonse tinkadziwira, kuti mayiwa sanalowe m'tchalitchi chidwalire amuna awo. Ukalisitia amachita kuwabweretsera kamodzi pamwezi. Akazi anga sanandiyang'ane n'komwe, ankangotsuka makapu. Tchuthi changa chinali chidakali ndi tsiku limodzi.

"Ndibwera ine," ndinatero.

"Inu, a Mlembi? Munasambitsapo munthu?"

"Ayi. Mundiphunzitsa."

"Manja a cholembera amenewo?" anatero madala m'katimo.

Mayiwo sanaseke. Ndinaona kuti akufuna kupita, ndipo ndinaonanso kuti akuopa. Zaka zonsezo panalibe munthu wina amene anawagwirapo amuna awo m'mawa. Analowa m'chipinda n'kugwada pafupi ndi bedi.

"Bambo, mukuti bwanji?"

"Pitani, mayi. Mukandipempherere kuti mlembiyu asandigwetse."

Anandiitana pomwepo. Anandionetsa poika bondo, polowetsa mkono, ndi mmene ungakokere nsalu ya pansi kuti munthu atembenuke osamupweteka phewa lakufalo. Ndinayesa koyamba, madala anati ndawanyamula ngati thabwa. Ndinayesa kachiwiri, anati ndayamba kukhala munthu. Anandionetsa pamene pamakhala sopo, beseni, ufa wa phala, ndi supuni imene madala amaikonda. Ndinafuna kulemba, koma mayiwo anati ndisunge m'mutu, pepala langa aliona kale ntchito yake.

Tinatsika kusanade, Amayi titawasiya pa thabwa lawo.

M'mawa mwake ine ndi akazi anga tinanyamuka 5 koloko, kutangoyamba kuyera. Tinapeza mayi a kuphiri atavala kale, pakhomo atasesa mpaka kunjira, madzi ali pamoto. Anandibwerezera malangizo onse. Anasenza lichero, akazi anga ali pambuyo, poti ena onse ankawadikira pa kamtsinje. Atayenda pang'ono anabwerera kudzandiuza kuti phala lisatenthe. Anapitanso, n'kubwereranso kudzanena za pilo.

"Mayi, Misa sidikira," anatero madala. "Pitani."

Ndinatsegula windo, n'kuwadzutsa madala pang'ono, nditawachirikiza ndi phewa langa, kuti aone. Tinayang'ana lichero likutsika pakati pa mitengo mpaka linabisika.

Kenako ndinagwira ntchito. Ndinawasambitsa, madzi ambiri n'kuthera pa thalauza langa. Ndinawatembenuza bwinobwino. Phala anati lachepa shuga, koma anamaliza. Nditatsuka mbale ndinakhala m'mphepete mwa bedi, n'kutenga dzanja lamanzere lija. Linali lolemera kuposa mmene ndinkaganizira, ndiponso lofunda. Tinayamba kolona, ine kutsogolera, iwo kuyankha.

Tili pa khumi lachitatu, madala anasiya kuyankha.

"A Mlembi, chala chapakati mwachidumpha."

"Mwachimva?"

"Kumva sindimva. Koma maso ndili nawo."

Ndinabwerera ku chala chachikulu, n'kuyambiranso khumilo.